Kompyuta ya a Gervazio M'chitini cha Mabisiketi

Chinthu chimene Hilda ankachisamala kuposa china chilichonse m'nyumba mwawo ku Chilobwe chinali chaching'ono, ngati wotchi yonenepa. Inali kompyuta yovala pamkono ya anthu obira m'madzi. Munthu akatsika nayo pansi pa madzi, imamuuza kuti wafika mamita angati, wakhala mphindi zingati, ndiponso nthawi yoti ayambe kukwera. Akatuluka, imasunga zonse za ulendowo. Hilda ankaikulunga m'sokosi yoyera ya bambo ake n'kuitsekera m'chitini cha mabisiketi, ndipo chitinicho chinkakhala pamwamba pa kabati, kutali ndi zenera.

Bambo akewo, a Gervazio, anachokera ku Nsanje ali mnyamata wodziwa madzi kuposa msewu. Anagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri kwa a Stafford, amene anali ndi kakampani ka madaiva atatu ku Limbe. Ntchito yawo inali yotsika m'madamu a m'maesiteti a tiyi kukachotsa matope ndi zitsa zimene zatseka mapaipi. M'mwezi wa Epulo anapita ku damu lina la ku Thyolo limene anali asanatsikemo. A Gervazio anatuluka m'madzi bwinobwino, anavula silinda ya mpweya, mpaka anamwa tiyi. Koma pobwerera, asanafike n'komwe pa Bvumbwe, miyendo inayamba dzanzi. Kuchipatala anachita kuwanyamula, ndipo kuchokera tsiku limenelo sanaimirirenso okha.

Dokotala anati mpweya unasanduka thovu m'magazi n'kuwononga msana. Anati zimenezi zimachitika munthu akakhalitsa pansi kwambiri, kapena akakwera mothamanga. A Stafford anasankha chachiwiricho, n'kuthirako mchere wawo. Anauza aliyense kuti a Gervazio anatsika ali ndi matsire a kachasu, anachita mantha, n'kuyandama ngati mpira. Nkhaniyo inazungulira maesiteti, inazungulira Limbe, ndipo inafika ku Chilobwe wodwalayo asanatuluke m'chipatala. Munthu amene sanalawepo ngakhale masese anapemphedwa kuti "apumule kaye" pa mpando wake wa wapampando wa mphakati. Amene ankabwera kudzawazonda ankayang'ana pansi pa bedi ngati akufunafuna botolo.

Miyendo Hilda akanaisiya m'manja mwa Mulungu. Koma dzina la bambo ake linamukhala pakhosi. Mayi ake anamwalira kalekale, ndipo amene anamulera, kumuluka tsitsi mokhotakhota ndi kumuperekeza kusukulu, anali munthu yemweyu amene tsopano ana a m'mudzi ankamutcha chidakwa cha m'madzi.

Kompyutayo Hilda anapatsidwa ndi namwino, ili m'jumbo limodzi ndi zovala. Tsiku lina akuwasisita miyendo, a Gervazio anaiona pa tebulo n'kupukusa mutu.

"Ine ndinamvera kameneka, Hilda. Kanati ndili pa mamita fotini, nthawi ilipo yambiri. Madzi a mmenemo ndi phala, suona ngakhale dzanja lako, ndiye umangokhulupirira manambala. Pokwera ndinaima pamene kananena kuti ndiime."

"Kakukumbukirabe zimenezo?"

"Kakukumbukira, malinga batire isathe."

"Ndani angawerenge kuti anthu akhulupirire?"

A Gervazio anatchula a Hamdani, mkulu wa ku Mangochi amene anaphunzitsa pafupifupi daiva aliyense wa kum'mwera kuno. Chaka chilichonse m'mwezi wa Ogasiti ankabwera ku Limbe kudzayesa zida za madaiva, ndipo popanda siginecha yawo maesiteti sankalola munthu kutsika m'damu. Hilda anawerenga pa zala. Inali miyezi inayi.

Anaphunzira kusamala chinthucho monga mayi wongoyamba kumene amaphunzirira kusambitsa khanda. Matope a ku Thyolo amene anaumira m'lamba anawanyowetsa ndi madzi ofunda pang'ono, opanda sopo, mpaka anachoka okha. Anaiumitsa pamthunzi. Kumbuyo kwake kunali timabowo ting'onoting'ono timene imamvera kulemera kwa madzi, ndipo bambo ake anamuletsa kutokosamo ndi singano ngakhale udzu. Anamuletsanso kuiyandikiza parafini, mafuta odzola ndi mankhwala a udzudzu, chifukwa zimenezi zimadya mphira. Pagalasi Hilda anamatapo kapulasitiki kotetezera mafoni kuti lisakalike. Sankaiyatsa. Ankangotsegula chitini m'mawa uliwonse, kuiyang'ana, n'kutseka. Ndipo nthawi iliyonse ankaona nkhope ya a Stafford, ndi mmene idzagwere tsiku limenelo.

Mu Juni kunabwera chiperoni. Masiku anayi phiri la Soche silinaoneke, zovala sizinkauma, makoma ankatuluka thukuta. M'mawa wa tsiku lachisanu Hilda anatsegula chitini n'kupeza sokosi ikuwala mkati. Kompyuta inali itayaka yokha, ndipo pakona pa galasi panali kachizindikiro ka batire kakuphethira.

Anathamangira nayo kwa bambo ake. Iwo anamuonetsa timadontho tiwiri tachitsulo m'mbali mwake.

"Iti tikanyowa, imaganiza kuti yalowa m'madzi, ndiye imadzuka. Chinyontho chayinamiza. Mwina yakhala ikuyaka masiku onsewa."

"Tisinthe batire."

"Ukuona kadontho ka penti yofiira pa chivindikiropo? Amaika ndi a Hamdani akatseka. Ukangotsegula, bwana adzati mwaseweretsa ndinu. Komanso za kalezi zikakhala popanda batire zimaiwala."

Hilda anaipukuta mpaka inazima. Komabe mtima sunakhale pansi, ndipo masana anakwera minibasi kupita ku Limbe. Pakhonde la sitolo ina panali wokonza mawotchi, ali ndi kagalasi pa diso. Hilda ankangofuna kufunsa kuti batire yophethira imakhala masiku angati. Koma munthuyo atangoigwira anatulutsa kampeni.

"Sisteri, iyi ndi faivi minitsi. Ndatsegulapo za azungu, za amwenye, mpaka ya abusa ena yoimba nyimbo."

"Musatsegule. Ndangofunsa."

"Nanga dokotala amaona bwanji m'mimba osang'amba? Tikatha tipakapo girisi wa njinga, madzi sadzalowa mpaka Yesu adzabwere."

Nsonga ya kampeni inali itafika kale pa penti yofiira. Hilda anamugwira dzanja mwamphamvu moti kagalasi kanagwa pa diso.

"Ndati musatsegule."

"Iii, tengani kanthu kanu. Mwamuna amene adzakukwatireni azidzagona atavala chipewa cha njinga yamoto."

Hilda anachoka nayo. Anakalowa m'sitolo ya nsapato mmene munkagwira ntchito Sabiha, mnzake wa kusekondale, mwana wa mwini sitoloyo. Atamufotokozera, Sabiha anayamba kutsegula makatoni a nsapato limodzilimodzi, n'kumatulutsa timapaketi toyera toyamwa chinyontho timene timakhala mkatimo. Anadzaza dzanja lonse.

"Ife timangotaya. Koma iwe, Hilda, maso akowa akundiopsa. Ukufuna kumutani bamboyo?"

"Ndikufuna ayende mu Limbe muno akuyang'ana pansi."

"Basi?"

"Poyambira."

Kuyambira tsikulo chitini chinkakhala ndi timapaketi khumi, ndipo m'mphepete mwa chivindikiro Hilda ankazunguliza tepi. Timapaketito ankatiyanika padzuwa Loweruka lililonse. Anasiya kutsegula tsiku ndi tsiku.

A Stafford anabwera mu Julayi. Anaimika pikapu yawo kumtunda, poti msewu wa kwa a Gervazio ndi wa miyala, ndipo anatsika wapansi atanyamula buledi ndi shuga. Anali munthu wamkulu thupi, woseka msanga. Anakhala pa mpando wabwino osauzidwa.

"Achimwene, mukuoneka bwino. Mwanenepa. Kukhala pansi kukukuyanjani."

"Tikuthokoza, bwana," anatero a Gervazio.

Anacheza za kuzizira ndi za mpira. Kenaka a Stafford anatembenukira kwa Hilda, amene anali ataima pakhomo la kuchipinda.

"Mwana wanga, kuchipatala sanakupatse kawotchi kakampani? N'kakale, kosathandiza, koma a Hamdani akubwera mwezi wamawa, amafuna kuona katundu yense."

"Sanandipatse."

"Namwino akuti anakupatsa."

"Ndiye kanatayika m'minibasi."

"Sanakupatse, kapena kanatayika? Sankhapo chimodzi." A Stafford ankasekabe, koma maso awo ankayenda pa kabati, pa mashelefu, pansi pa tebulo. "Katundu wa eni ake amawotcha manja, mwana wanga. Ena amagona nazo kupolisi zoterezi. Ndiye bambo akowa adzawatembenuza ndani?"

A Gervazio anali munthu wosadziwa kunama, ndipo ankangoyang'ana maondo awo. Mlendo atapita, anamuitana mwana wawo.

"Kabweze, Hilda. Kubwezera ndi kwa Mulungu."

"Mulungu ali ndi zambiri zochita, ababa. Ine ndili ndi chimodzi chokhachi."

"Usayankhule choncho."

"Ndiye ndiyankhule bwanji? Adzakuikani m'manda anthu akunong'onezana za kachasu. Inu mwakhululuka, chabwino. Ine sindinakhululuke."

Buledi wa a Stafford anaupereka kwa nkhuku za oyandikana nawo. Madzulo omwewo, dzuwa lisanalowe, ananyamula chitini kupita nacho kwa Sabiha, ndipo anachibisa m'katoni ya nsapato za sukulu, pashelefu yapamwamba m'chipinda chosungiramo katundu, mmene munali mouma ndi mwamdima. Patapita masiku atatu anthu anathyola zenera la kuchipinda kwa Hilda iye ali kumsika. Anagwetsa kabati, anang'amba matiresi, koma wailesi anaisiya. A Gervazio anamva zonse ali pabedi m'chipinda china, osatha kudzuka. Kuyambira pamenepo sananenenso zobweza.

A Hamdani ankayesera zida pa dziwe losambiramo la kalabu ina ku Limbe. Tsikulo Hilda anatenga chitini kwa Sabiha n'kuyenda wapansi, atachikumbatira pachifuwa, chifukwa sanafune kuti chigundidwe m'minibasi. Kunali mphepo ya Ogasiti yonyamula fumbi. Mlonda wa pageti anamuuza kuti alowe atamva dzina la a Gervazio.

M'mbali mwa dziwe anayala masilinda, mapaipi ndi zovala zamphira. A Hamdani anali okalamba, oonda, a ndevu zoyera ndi kofiya, ndipo ankalemba m'buku atakhala pa mpando wapulasitiki. A Stafford anaima pambali pawo. Analiponso a Kingsford, daiva amene anatsika m'damu la ku Thyolo kukamaliza ntchito a Gervazio atavulala.

Hilda anagwada patsogolo pa a Hamdani. Mawu anali atawakonza miyezi inayi.

"Ndine mwana wa a Gervazio. Ndabweretsa kompyuta imene anavala."

"Wakuba uja ndi ameneyu," anatero a Stafford. "Shehe, musataye nthawi. Chinthu chakhala miyezi inayi ku Chilobwe, m'nyumba yodontha, ana akuseweretsa. Chinganene chiyani chanzeru?"

A Hamdani anamatula tepi, anatsegula chitini, anaona timapaketi n'kumuyang'ana Hilda. Anatulutsa kompyuta m'sokosi. Anapinda lamba kuti aone ngati wauma, ananunkhiza, anayang'ana galasi mopendeketsa, kenaka anaika chala pa kadontho kofiira.

"Penti yanga iyi. Palibe watsegula. Stafford, m'katundu wako yense amene ndaona lero, chosamalidwa ndi chokhachi."

Anadina batani. Galasi linakhala lakuda. A Stafford anatulutsa mpweya ngati akufuna kuseka. A Hamdani anaika kompyutayo m'khwapa mwawo, mkati mwa malaya.

"Batire yofooka imadana ndi mphepo," anatero. "Tiidikire ifunde."

Anadikira. Kunkamveka tsache la munthu wosesa masamba kuseri kwa mpanda. Patapita kanthawi anaitulutsa n'kudinanso. Manambala anatuluka, otuwa ngati olembedwa ndi pensulo yakutha.

"Kingsford, tenga cholembera. Lemba msanga. Epulo leveni. Pansi penipeni, mamita fotini. Nthawi, mphindi fifite-thu. Kukwera..." Anadina kangapo, akuyandikiza diso. "Kukwera pang'onopang'ono, palibe chenjezo ngakhale limodzi. Anaima mphindi zitatu asanatuluke. Uku si kukwera kwa munthu woledzera. Ndi mmene ndinamuphunzitsira."

"Ndiye anavulala bwanji pa fotini?" anafunsa a Stafford. "Mwana wa sukulu akhoza kukhala ola lonse pa fotini."

"Funso labwino. Kingsford, iwe unatsika pa paipi yomweyo. Yako inati bwanji?"

A Kingsford anayang'ana bwana wawo, kenaka anayang'ana madzi.

"Twente-folo."

"Unauza ndani?"

"Ndinauza bwana. Anati damu linadzaza ndi mvula."

"Mamita teni m'masiku awiri," anatero a Hamdani. "Mvula ya Nowa."

Anamanga kompyuta ku chingwe chokhala ndi mfundo pa mita iliyonse, n'kuitsitsa kumbali yakuya ya dziwe mpaka mfundo yachinayi inakhudza madzi. Anawerenga mpaka makumi atatu, n'kuikoka mofatsa. Inkanena kuti yafika mamita awiri ndi pang'ono. Anaonetsa aliyense, ngakhale mlonda amene anali atasiya geti. Ali mkati moitembenuza, galasi linazima, ndipo silinayakenso.

A Hamdani anatulutsa kagalasi kokulitsa n'kuyang'ana timabowo ta kumbuyo.

"Kachikopa ka mkati komvera kulemera kwa madzi kaphulika. Madzi sachita zimenezi. Mumaumitsa bwanji mukatsuka?"

Hilda anayang'ana a Kingsford osaphethira. Munthuyu anadyapo m'nyumba mwawo kambirimbiri, koma chivulalire cha bambo ake anali asanapondeko.

"Bwana amati thaulo limachedwetsa," anatero a Kingsford pomaliza. "Amatsegula silinda n'kupopera mpweya m'timabowomo kuti madzi atuluke. A Gervazio anawaletsapo kawiri. Tsiku lisanafike la ku Thyolo, bwana anaipopera, a Gervazio atapita kale kunyumba."

"Iwe Kingsford, ukudya kwa ndani?" anatero a Stafford.

"Ndikudya kwa inu, bwana. Koma mawa pansipo ndikhala ine."

A Hamdani anatseka buku limene a Stafford ankadikira kuti asainemo. Anang'amba pepala lina n'kulemba kalata ya ndime ziwiri. Analemba kuti a Gervazio anatsatira malamulo onse, kuti anakhala mphindi makumi asanu ndi ziwiri pa mamita makumi awiri ndi anayi chifukwa kompyuta yowonongedwa ndi mpweya wa m'silinda inawanamiza, ndiponso kuti iwo sakuvomereza zida za kampaniyo. Anasaina, anadinda chidindo, n'kupereka kalatayo kwa Hilda ndi manja awiri.

"Ukawauze bambo ako kuti ndibwera Lachisanu ndikachoka ku mzikiti. Ndinamva za kachasuzo, ndipo ndinakhala chete. Ndinalakwa."

A Stafford anamupeza Hilda kunja kwa geti. Kuseka kuja kunali kutatha. Ankayenda pambali pake akupukuta khosi ndi mpango, ndipo fumbi linkawalowa m'maso.

"Mwana wanga, taima. Tikambirane ngati anthu. Sabata yamawa ndili ndi ntchito m'maesiteti atatu. Kalata imeneyo ikafika kumeneko, ndatha. Ndili ndi ana kusukulu."

"A Gervazio alinso ndi mwana."

"Ndikudziwa. Ndinachita mantha, basi. Munthu ukachita mantha umayankhula zilizonse. Ndiuze chimene ukufuna. Njinga ya olumala? Ndigula lero."

Hilda anaima. Anali asanawayang'anepo pafupi chonchi. Anaona kuti mlomo wawo wa m'munsi ukunjenjemera, ndipo anadikira kuti amve chisoni. Sichinabwere.

"Lamulungu masana mphakati umakumana kwa a Peterson, kuseri kwa chigayo. Mukabwere. Mukaime pamaso pa anthu onse, mukanene ndi pakamwa panu kuti munanama, ndipo mukafotokoze chimene munachita ndi silinda. Pikapu mukaisiye kumtunda. Pochoka pamenepo mukawanyamule bambo anga pamsana, mukawakhazike pa mpando wawo."

"Ndibwera. Ndikulumbira, ndibwera. Ndiye kalatayo usunge kaye eti?"

"Sindinanene zimenezo."

Anawoloka msewu n'kulowa m'kasitolo ka fotokope. A Stafford anaima pakhomo, osalowa. Mtsikana wa pa makina anafunsa kuti akufuna makope angati.

"Maesiteti a tiyi alipo angati ku Thyolo ndi ku Mulanje?" anafunsa Hilda.

"Kaya. Mwina twente."

"Pangani sate."

Makina anayamba kulavula mapepala otentha, ndipo Hilda ankawalandira limodzilimodzi n'kumawasanja bwinobwino. Atatuluka, anapatsa a Stafford limodzi kuti akawerenge kunyumba. Kenaka anatsetserekera ku depoti, kumene makondakitala ankaitanira anthu a ku Bvumbwe, Thyolo ndi Luchenza, ndipo anakwera minibasi imene inatsala ndi malo a munthu mmodzi.